Siketi Yonyowa pa Sikelo ya Bambo Crandall

Ndinali pakhonde la kuseri, ndikupukuta mpendero wa siketi ya amayi, pamene azakhali a Keziah anatulukira pageti atapanira pepala m'khwapa. Imeneyi inali ntchito yanga Loweruka lililonse, ndipo ndinkaigwira pang'onopang'ono dala, chifukwa munthu wopukuta siketi palibe amamuyankhulitsa. Ndinkayamba ndi kampeni kobuntha kupala zouma, kenako bulashi, pomaliza kansalu konyowa. Mpendero subisa kumene mwini wake wayenda. Utuchi unali wa kubutchala, timadontho tofiirira tinali malovu a amuna otafuna fodya pakhonde la ometa tsitsi, ndipo zotsalazo zinali za akavalo.

"Lovina, siya kaye uve umenewo," anatero azakhali. "Katenge inki. Iwe umalemba bwino, ine ndikalemba pamakhala ngati papalasa nkhuku."

Azakhali anali mlongo wawo wa abambo. Sanakwatiwe, ndipo kwa zaka makumi awiri akazi onse a ku Tanner's Ford ankavala zimene iwo asoka. Akanena kuti chaka chino manja a diresi akhale otupa, Lamulungu lotsatira tchalitchi chonse chinkadzaza mapewa onga maungu. Masiketi osesa msewu aja ndi iwo anawabweretsa m'tauni mwathu. Koma chaka chimenecho, cha 1897, anapita kumzinda waukulu wa Cleveland kukagula nsalu, mvula inawapeza kumeneko, ndipo anaona akazi ena akudumpha zithaphwi nsapato zawo zikuoneka zonse. Anabwerako ali munthu wina.

"Ndine ndinawamanga akaziwa," ankatero. "Ndiwamasulanso ndine."

Ndinakhala patebulo la kukhitchini n'kulemba zimene ankandiuza. Olembedwa m'munsimo ankalonjeza kuti tsiku loyamba kugwa mvula, kuyambira pa 1 Okutobala, adzakumana pa mjigo wa pakati pa tauni nthawi ya teni koloko m'mawa, atavala masiketi olekezera mainchesi anayi pamwamba pa nthaka.

"Alamu, mwanayu musamulowetsemo m'zinthu zanuzi," anatero amayi akukanda ufa wa buledi.

"Mainchesi anayi, alamu! Chikhatho chimodzi basi. Mukuyankhula ngati ndikufuna kuwayendetsa atavala matawulo."

"Lero chikhatho, mawa bondo."

"Bondo lanu ndani akulifuna?"

Amayi anaseka osafuna, ufa n'kuwathimbirira pamphuno.

Patatha sabata pepalalo linabweranso lili ndi mayina khumi ndi limodzi. Lomaliza linali lolembedwa ting'onoting'ono ngati mwini wake amafuna kuti lisaoneke: Philena Crandall. Azakhali anaikapo chala.

"Ili sunalione. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Chabwino. Tsopano khumi ndi mmodzi sakwana dazeni, pafunika khumi ndi awiri. Lemba lako."

Ndinkafuna kukana. Mawu okanawo ndinali nawo, ndinawayala bwinobwino m'mutu, koma pofika pakhosi anasungunuka monga ankachitira nthawi zonse. Ndinalemba: Lovina Haskell.

Vuto langa linali lakuti mwamuna wawo wa Mayi Crandall, Bambo Horace Crandall ogulitsa mbewu ndi zakudya za ziweto, anali wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo ine ndinali nditapempha ntchito ya uphunzitsi. Kalasi ya ana aang'ono inalibe mphunzitsi kuchokera mu Meyi, pamene Mayi Pettibone anagwa pamasitepe a sukulu n'kuthyoka mwendo. Akazi a abusa ndiwo ankangogwirizira. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nditangomaliza sekondale, ndipo ntchito imeneyo ndinkaifuna kuposa china chilichonse. Ndi ana ndinkatha kuyankhula. Mwana sadikira kuti ulakwitse. Ndikanalephera, malo anga anali kuseri kwa kauntala m'golosale ya abambo, kupereka moni kwa akuluakulu makumi asanu pa tsiku mpaka kukalamba. Komiti inati idzandiona Lachinayi, pa 14 Okutobala, hafu pasiti teni.

Nkhani ya pepala sinachedwe kuwanda. Tsiku lina ndikudzaza shuga m'timatumba kuseri kwa mbiya, Bambo Crandall analowa kudzagula fodya, n'kuyankhula mokweza kuti shopu yonse imve.

"Haskell, mlongo wako wapenga. Koma undimvetse bwino. Mphunzitsi wa ana athu sangayende akakolo ali pamtunda. Ndikangoona nsapato yonse, ntchito palibe."

"Fodya wake uti, wakuda?" anafunsa abambo, chifukwa kusayankha kwanga ndinatengera iwo.

Kenako mvula inakana kugwa. Seputembala yense kunali gwa, Okutobala analowa kuli gwa. Zitsime zinayamba kuphwa, ndipo alimi anali atafesa tirigu m'fumbi. Lamulungu loyamba la mweziwo Abusa Whitcomb anapempherera mvula. Sindinamvepo amuna a ku Tanner's Ford akuvomera pemphero ngati tsiku limenelo. "Ameni!" anabangula a kumbuyo, ngakhale aja amene ankagona ulaliki ukangoyamba, ndipo ena anali asanafesepo kanthu moyo wawo wonse. Kumbali ya akazi kunali zii. Azakhali okha ndiwo anayankha mokweza, ndipo buku la nyimbo la Mayi Crandall linagwa pansi.

Potuluka, Jed Sprague wometa tsitsi anavula chipewa.

"Mayi Haskell, kamtambo ako mwakaona? Ife mipando taika kale pakhonde."

"Ndakaona, Jed," anayankha azakhali. "Makutu akonso ndawaona. Ikagwa udzawatchere, mwina angayere."

Lachitatu lotsatira kunawaza timadontho tochepa, tosakwana kunyowetsa mpango. Tauni yonse inaima. Amuna anathamangira pakhonde la ometa, akazi anayamba kutumizirana timakalata. Kodi imeneyi ndi mvula? Wina anati ndi mvula chifukwa yamugwera pamphuno. Wina anati si mvula chifukwa nkhuku zake sizinabisale. Azakhali anagamula nkhaniyo: mvula ndi imene yadzaza sosala, kambale kokhazikapo kapu ya tiyi. Aliyense wa m'gululo aike sosala pakhomo pake, ikadzaza avale n'kutuluka.

Palibe anaganiza kuti zimenezi zikutanthauza chiyani mpaka m'mawa mwake. Mayina amene tinkabisa aja anali atayalidwa m'misewu yonse, sosala pano, sosala apo, zoyera mbee padzuwa. Anyamata ankayenda akuwerenga. Pakhomo la Bambo Crandall panalinso ina ya maluwa abuluu, ndipo mwini nyumba atafunsa, akazi awo anati ndi ya mphaka.

Kwa a Crandall kunalibe mphaka. Aliyense ankadziwa zimenezi kupatula Bambo Crandall, amene zinthu za pansi sankaziyang'ana.

Ine ndiye ndinkaziyang'ana. Munthu wamanyazi amayenda maso ali pansi, ndipo anthu a m'tauni mwathu ndinkawadziwa ndi nsapato kuposa nkhope. Masiku amenewo ndinaphunzira kuyang'ananso kumwamba. Ndinkapempha chinthu chimodzi chokha: igwe pa 13 kapena pa 15, kapena idikire chaka chamawa.

Inagwa pa 14.

Ndinadzidzimuka m'bandakucha ndi phokoso padenga, ndipo nditasuzumira pawindo sosala yathu inali ikusefukira. Pabedi panga panali masiketi awiri. Yabuluu, yaifupi, azakhali anali atandisokera milungu itatu yapitayo. Yotuwa, yaubweya, inali ya amayi, ija yovala pamaliro ndi pa misonkhano, ndipo anali atailowetsa m'chipinda ine ndisanadzuke.

"Azakhali ako ali ndi makina awo osokera," anatero amayi ataima pakhomo. "Akawaseka lero, mawa omwewo abwera kudzayezetsa madiresi. Iwe uli ndi chiyani? Vala yotuwayo."

Atatuluka ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana masiketi awiriwo. Kenako ndinachita zimene munthu wosatha kukana amachita. Ndinavala yabuluu, pamwamba pake n'kuvala yotuwa.

Abambo anandiyang'ana pamene ndinkamwa tiyi.

"Wanenepa usiku umodzi," anatero chapansipansi. Anangondipatsa ambulera yawo yaikulu.

Msewu waukulu unali utasanduka phala. Dzanja limodzi linagwira ambulera, lina linakweza siketi, satifiketi yanga ya sekondale ndinaipanira m'khwapa. Ngakhale ndinkakweza bwanji, kumbuyo kunkakhukhuluzika ndithu, ndipo ndisanafike pa positi ofesi ndinkamva ngati mwana wandigwira m'chiuno n'kumandikokera kunyumba.

Pakhonde la ometa panali amuna osachepera makumi awiri, ena atakwera pamabokosi. Pa mjigo panali akazi awiri.

Azakhali anaima chilili, chipewa chawo chikudontha, nsapato zawo zakuda zikuoneka mpaka batani lomaliza. Pambali pawo panali Mayi Ostrander, mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri, atatsamira ndodo. Ena onse anali kuseri kwa makatani a m'nyumba zawo. Makataniwo ndinkawaona akugwedezeka.

"Dazeni ija ndi imeneyi?" anakuwa Jed Sprague. "Enawo asungunuka?"

"Yang'anitsitsa, mwanawe!" anayankha Mayi Ostrander, akutukula phazi limodzi. "Papita zaka makumi anayi mwamuna asanayang'ane mwendo uwu. Ndikanadziwa ndikanadula kalekale!"

Amuna aja anaseka mpaka wina anagwa pabokosi. Azakhali sanaseke. Anali atandiona. Maso awo anatsikira kumpendero wanga wotuwa, n'kubwerera kunkhope yanga. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo zikanandipepukira akanatero.

"Pita, mwana wanga, ungachedwe," anatero mofatsa. "Pakhomo la Crandall pali dzenje, ukakweze bwino."

Ndinapitirira. Pa dzenje lija ndinakweza ndi mphamvu monga anandiuzira, mkono unatseguka, satifiketi n'kugwera m'matope. Kuti ndiitole ndinasiya siketi, nayo n'kumira yonse. Ndinalowa m'sitolo ya Bambo Crandall ndikukoka theka la msewu.

Komiti inkakumana momwemo, pakati pa matumba a chimanga ndi otsi wodyetsa akavalo, pafupi ndi sikelo yaikulu yoyezera mbewu. Anali atatu. Bambo Crandall anakhala pakati, kiyi wa sukulu ali patebulo patsogolo pawo. Kumanja kunali Abusa Whitcomb. Kumanzere kunali Bambo Lutz, mlimi wokalamba wovutika kumva, amene tsiku limenelo ankangomwetulira chifukwa cha tirigu wake. Kuseri kwawo kunali khomo lolowera kunyumba ya a Crandall, lotchingidwa ndi katani yobiriwira.

Anandifunsa masamu, ndinakhoza. Anandifunsa mitsinje ndi mizinda, ndinakhoza. Koma yankho lililonse Bambo Lutz ankaika dzanja kukhutu.

"Wati chiyani?"

"Wati Mississippi," Abusa ankabwereza.

"Ndiye anene! Ana makumi atatu adzamumva bwanji? Mawu ngati a mbewa ili m'thumba."

Bambo Crandall sanadandaule nazo. Ankayang'ana mzere wa matope umene ndinasiya kuchokera pakhomo, ndipo ankaoneka wokondwa ngati ndawabweretsera mphatso.

"Taonani, Abusa. Uyu ndiye mwana wamkazi woleredwa bwino. Wanyowa, wada, koma waulemu. Osati zija zaima pa mjigo zija." Anatenga kiyi n'kumamuzunguza pachala. "Komabe, Lovina, pali kanthu kamodzi. Pakhomo panu panali sosala, ndipo akuti dzina lako lili papepala lija. Ine ndikudziwa kuti anakukakamiza. Ungonena pano, pamaso pa komiti, kuti zochita za azakhali ako ukuchita nazo manyazi ndipo sudzavala chinthu chimenecho. Ukatero kiyi ndi uyu."

Zinali zosavuta. Mawu ochepa chabe, ndipo Bambo Lutz sakanawamva n'komwe. Ndinatsitsa maso monga mwa chizolowezi changa, kuti ndiwafunefune mawuwo pansi.

Katani yobiriwira ija sinkafika pansi. Inkalekezera pafupifupi zikhatho ziwiri, ndipo m'mpatamo munali nsapato. Ndinazidziwa nthawi yomweyo: zofiirira, chidendene chakumanzere chodyeka kunja, zimene Lamulungu lililonse zinkakhala pabenchi lachiwiri. Koma m'tchalitchi ndinkangoona nsonga zake. Tsopano zinkaoneka zonse, mabatani asanu ndi atatu mbali iliyonse, ndipo pamwamba pake, patali ndi pansi, panali mpendero watsopano wosokedwa ndi dzanja la azakhali.

Mayi Crandall anali atavala. Njira yochokera kunyumba kwawo kupita kumsewu inkadzera m'sitolo, ndipo anali ataima pamenepo kaya kuyambira nthawi yanji. Phazi lakumanja linkasuntha pang'ono kutsogolo, n'kubwerera. Linasunthanso, n'kubwereranso. Phazi limenelo ndinalimvetsa kuposa munthu aliyense amene ndinayankhulapo naye.

"Tikudikira, mwana," anatero Bambo Crandall.

Ndinaika satifiketi yamatope ija patebulo. Ndinapititsa manja kumbuyo, n'kumasula ngowe zitatu za m'chiuno.

Siketi ya amayi inagwa pansi kuti phwa, ngati thumba lonyowa. Abusa anatsinzina n'kuyamba kutchula dzina la Ambuye. Atatsegula diso limodzi anapeza ndili chivalire, yabuluu ili youma, nsapato zanga zili poyera. Ndinatuluka m'mulu wa ubweya uja, ndinaunyamula ndi manja awiri, n'kukauika pa sikelo.

"Bambo Crandall," ndinatero, "inu ndinu odziwa sikelo. Tandiwerengereni."

Ndikhulupirira kuti ankafuna kukalipa. Pakamwa anali atatsegula kale. Koma munthu amene wayeza mbewu zaka makumi atatu sangaone katundu pa sikelo n'kumusiya. Dzanja lawo linapita lokha, linasuntha kachitsulo, linakagogoda pang'ono ndi chikhadabo mpaka mtanda unaima.

"Mapaundi khumi ndi limodzi ndi theka," anatero, kenako anakwiya podzimva atanena.

"Ndachokera nawo kunyumba amenewo, ndipo kwathu si kutali." Mawu anga anatuluka, ndipo atayamba kutuluka sindinadziwe powaimitsira. "Anthu amati Mayi Pettibone anachita chizungulire. Sanachite chizungulire. Ine ndinali pansi pa masitepe tsiku limenelo, ndipo ndinkayang'ana mapazi awo, chifukwa ine ndimayang'ana mapazi. Dzanja limodzi ananyamula ndowa ya malasha, lina mabuku. Dzanja lachitatu lokwezera siketi analibe. Anaponda mpendero pa sitepe yachinayi kuchokera pamwamba. Masitepe amenewo alipo khumi ndi asanu ndi anayi, Bambo, ndipo kalasi ya ana aang'ono ili pamwamba, mbaula ili pakhomo penipeni. Tsiku lina kukadzabuka moto, ine ndidzafuna manja anga onse awiri. M'kalasimo muli mdzukulu wanu, Bambo Lutz. Muli Clara wanu, Abusa."

Ndinapuma. M'sitolo munkangomveka mvula padenga ndi madzi odontha kuchokera pa sikelo.

"Mwati ndinene kuti ndikuchita manyazi. Ndikuchita manyazi, inde. Manyazi ndakhala nawo moyo wanga wonse, ndimawadziwa bwino. Koma a lero si a azakhali. Ndawapitirira ataima pamvula, ine nditabisa siketi yawo mkati ngati chinthu chakuba. Manyazi anga ndi amenewo. Ntchitoyi ndikuifuna kwambiri, Bambo. Koma ndikaphunzitsa, ndidzaphunzitsa nditavala chonchi."

Bambo Crandall anaimirira, khosi lawo litafiira.

"Tamvani mwanayu! Abusa, mwamva? Ndikukuuza iwe, m'tauni muno mulibe mkazi waulemu ngakhale mmodzi, mkazi wa panyumba pake, amene angayerekeze..."

Mphete za katani zinalira.

Mayi Crandall analowa atanyamula thireyi ya khofi ndi manja awiri. Nkhope yawo inali yoyera ngati ufa, koma anayenda. Anadutsa pakati pa matumba, analambalala mzere wanga wa matope popanda kukweza kanthu, n'kuika thireyiyo patebulo pafupi ndi kiyi.

"Khofi, a Horace," anatero. "Mumwe akadali wotentha. Ine ndikutuluka pang'ono."

Bambo Crandall anayang'ana nkhope ya akazi awo. Kenako, mwina koyamba chikwatirane, anayang'ana pansi. Anakhalanso pampando.

Amene anayamba kuseka ndi Bambo Lutz. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo ndi chipewa.

"Horace! Mphaka uja ndi ameneyu? Wakula bwino!" Anapukuta misozi n'kundiloza ndi chala. "Koma mtsikanayu ndamumva. Mawu onse, mpaka masitepe khumi ndi asanu ndi anayi. Amene ndingamumve ine, ana adzamumva ali kubwalo. Ine ndavomera."

Onse anatembenukira kwa Abusa, amene anali akuthira shuga m'kapu mosamala kwambiri, maso ali m'kapumo.

"Ine mvulayi ndinaipempherera ndekha, pamaso pa mpingo wonse," anatero. "Sindingayambe lero kudandaula ndi zimene yabweretsa. Ndipo Clara amathamanga pamasitepe. Ndavomera."

Bambo Crandall anayang'ana kudenga nthawi yaitali, ngati akuwerenga malata. Kenako, maso ali komweko, anakankha kiyi ndi chala chimodzi mpaka anafika kumphepete kwa tebulo. Ndinamutola. Anali wozizira, wolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

Mayi Crandall anali atafika pakhomo la kumsewu, koma pamenepo phazi lija linaimanso. Kunja kunkamveka kuseka kwa pakhonde la ometa. Ndinapita n'kuwagwira dzanja. Linali lonyowa ndi thukuta ngati langa.

"Akationa onse," ananong'ona.

"Ationa kale a m'nyumba," ndinatero. "Otsalawo ndi a Jed Sprague basi."

Tili pakhomopo tinkaona mpaka pa mjigo. Azakhali anali chiimire, koma tsopano anali atatembenukira kwa ife, dzanja lili pachipumi kutchinga madzi. Mayi Ostrander anakweza ndodo m'mwamba. Tsidya la msewu, pa nyumba ya a dokotala, katani inagwedezeka, kenako chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo pansi pake panatulukira nsonga ya nsapato.

"Iwe, Lovina Haskell!" anaitana Bambo Crandall kumbuyo kwathu. "Nanga chinthu chili pa sikelo yangachi? Ndi ambulerayi?"

Ndinacheuka. Siketi ya amayi inali ili pomwepo, yakuda ndi matope, ikudontha pang'onopang'ono, ndipo mtanda wa sikelo unali utayamba kupendekeka.

"Zisungeni kaye, Bambo," ndinayankha, ndipo Bambo Lutz sanafunse kuti ndati chiyani. "Manja anga onse awiri ali ndi ntchito."

Tinatsika sitepe, ine ndi Mayi Crandall, tinadumpha dzenje lija limodzi, mvula ikutimenya kumaso.